Singano mu Waya wa Koyilo

M'sutikesi yanga muli kampango koyera kamene sindinamalize kupeta. Duwa lake lofiira linathera pa masamba atatu, ndipo lili choncho mpaka lero, ngakhale kuti kusoka ndiyo ntchito imene ndimadyera.

Ndinali mu Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Kasakula. Inali nyengo yachisanu, nkhungu inkatsika m'mapiri n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Inalinso nyengo ya mantha, chifukwa kusukulu kunabuka mphekesera zoti ana ena akuphunzitsidwa ufiti. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anamupeza ndi kabotolo m'thumba, basi, anamutenga kukamupempherera masiku atatu. Anabwerako atametedwa mpala, mawu atasasa, ndipo palibe amene ankafuna kukhala naye desiki imodzi. Inenso ndinamuthawa, ndisaname.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala nafe. Ankakonza zamagetsi a galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, munthu wosalankhulalankhula, zikhadabo zakuda ndi girisi nthawi zonse. Mlungu wina mkulu wina wa mpingo anabweretsa pikapu yake ya matola. Anali atagula geji yosonyeza liwiro la injini, ndipo ankafuna imangidwe pafupi ndi chiwongolero. Vuto linali kupeza waya woti geji ilumikizidweko. Mawaya anali mtolo wathunthu, olumikizalumikiza, mitundu yake yosadziwikanso. Amalume ankaliza injini, n'kumaboola waya mmodzimmodzi ndi pini, n'kugunditsa kababu koyesera. Pa waya wina kababu kankangoyaka, pa wina zii. Atafika pa waya wa ku koyilo, kachipangizo kopereka moto woyendetsa injini, kababu kanayamba kuphethira, ndipo atawonjezera moto kanaphethira mofulumira mpaka maso anga kulephera kutsata. Amalume anangoti ndi ameneyu, n'kuzula pini yawo.

Ine ndinali pachitsa ndikupeta duwa langa. Ulusi wofiira wonyezimirawo aphunzitsi anatigawira atsikana anayi okha odziwa kusoka, ndipo ndinkayenda nawo monyada ngati ndavala nsapato zatsopano. Amalume atamaliza ntchito anazimitsa injini n'kupita kukasamba m'manja. Chidwi chinandipha. Ndinadula ulusi ndi mano, ndinakwera pa bampala, n'kulasa waya womwe uja ndi singano yanga. Inapyola n'kukakamira, kachidutswa ka ulusi kakulendewera. Ndinakoka, zala zikungoterereka. Nditamva mapazi ndinakankhira wayayo kuseri kwa injini n'kudumphira pansi. Amalume anatseka boneti osaona kanthu.

Panapita masiku awiri. Tsiku la msika, pikapu ija ikukwera chitunda itadzaza anthu, singano inakhudza chitsulo ndipo injini inazima. Mabuleki anauma osagwira, galimoto inabwerera cham'mbuyo n'kugwera m'ngalande. Mayi wina anathyoka mwendo. Anthu anadzaitana amalume, ndipo mudzi wonse unathamangira komweko, inenso ndinatsatira. Kunkanunkha petulo ndi tomato wophwanyika. Aphunzitsi athu anali m'galimotomo, ndipo ndinawapeza atakhala pamwala, chigongono chikuchucha magazi.

Amalume anawerama m'boneti nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lawo likupita kukamwa ngati akupukuta milomo. Kenako dalaivala, amene ankasuzumira paphewa pawo, anakuwa kuti muli singano. Anthu anabwerera m'mbuyo. Singano m'galimoto, ankanong'ona, woiikayo si munthu wamba. Amayi ena anayamba kutiyang'ana ife ana mmodzimmodzi. Ndinamva kale lumo lozizira likuyenda pamutu panga. Aphunzitsi akanangoona ulusi uja, atsikana anayi sakanavuta kuwerenga.

Dalaivala anakweza singanoyo m'mwamba. Inalibe ulusi.

"Ndi yanga imeneyo," anatero amalume, mawu ali pansipansi. "Mapini anandithera, ndinatenga ya alongo anga, ndinaiwala kuizula. Palibe ufiti pano, ndi uchitsiru wanga."

Mkulu wa mpingo uja anawamenya mbama ziwiri pamaso pa anthu onse. Amalume sanabweze, sanatsegulenso pakamwa.

Kuchokera tsiku limenelo pansi pa mango sipanaimenso galimoto. Ena anakhulupirira za uchitsiru, ambiri anakakamira za ufiti, ndipo amayi akafika pamjigo anzawo ankasiya kucheza. Ine ndinabisa kampango pansi pa mphasa, aphunzitsi n'kuwanamiza kuti kanatayika. Ndinkadya pang'ono. Wina akandiitana dzina mwadzidzidzi ndinkadzidzimuka mpaka kutaya chimene ndanyamula. Za ulusi ndinadziuza kuti unapsa ndi injini, Mulungu wandimvera chisoni. Taonani nzeru za mwana, kuika Mulungu pamlandu umene ndinapalamula ndekha.

Chisanu chisanathe amalume analongedza zitsulo zawo m'thumba la feteleza, akuti akukayesa mwayi ku Mponela. M'mawa womwe ankanyamuka anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anatsegula kabokosi ka machesi, anatulutsamo kachidutswa ka ulusi wofiira, nsonga imodzi yakuda ndi girisi, n'kundiikira m'dzanja.

"Umalize duwa lako, iwe."

Ndinamva kuti akundichenjeza: ndikudziwa, ndipo tsiku lililonse nditha kukutchula. Sindinawaperekeze kumsewu. Ndinathamangira kuchimbudzi n'kuponyamo ulusiwo, ndipo nditamva galimoto imene anakwera ikutsika chitunda, ndinapuma. Ndinasangalala kuti apita, ndikunena zoona. Masana amenewo ndinadya mpaka amayi kudabwa.

Sanabwerenso kudzakhala kwathu, ndipo anamwalira ndisanamalize sekondale, tisanalankhulanepo za tsiku lija. Ndili mwana sindinadzifunse ngakhale kamodzi kuti ulusiwo unachoka bwanji pa singano, kapena kuti unali kuti pamene mbama zija zinkalira pachitunda. Unali m'kamwa mwawo, pansi pa lilime.