Jekete Loonekera Patali

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi la masokosi onyowa oyanikidwa pahita, m'kanyumba kathu ka ku Maryhill, kuno kwa azungu, makina akulira mvula ikuwaza pazenera. Anali telala ku Limbe, koma mayi atawabweretsa kuno ntchito yawo inali yokanditenga kusukulu.

Nyengo yozizira kuno kumayamba kuda tisanaweruke. Aphunzitsi anatiuza kuti tizivala conspicuously kuopa magalimoto, ine n'kukawatula mawuwo kunyumba.

"Konisipi chani?" anafunsa agogo.

"Kuvala zoonekera patali, bambo," anatero mayi. "Zoti munthu asavutike kukuzindikira pagulu."

Agogo anangoti, "Ohoo!"

Pofika Lolemba jekete langa lakuda linali litasanduka zina: manja achikasu, kumsana chitenje cha malalanje, kuphatikiza mizere yonyezimira yomwe agogo anamatula pa chovala chakale cha aneba okonza misewu. Mayo ine! M'kalasi monse wakuda ndinali ndekha, ndiye ndinkafuna kubisala, osati kuwala. Anzanga anaseka mpaka misozi, ati ndikuoneka ngati loboti ya pamsewu.

Poweruka ndinalivala chotembenuza, kwakuda kunja. Ndili chiimire pageti, ndinangoona agogo akundidutsa pamaso penipeni, n'kugwira dzanja mwana wina wa jekete lakuda, chipewa chitaphimba mutu. Anayamba naye ulendo akumufunsa m'Chichewa ngati wadya. Anali Callum, mzungu wa tsitsi lofiira, ndipo chitsirucho chinangotsatira poti anachipatsa switi. Mayi ake anakuwa mpaka agalu a kungalande kuyankha.

Anthu atamvana, agogo atapepesa ndi manja awiri, tinanyamuka. Panjira anandifunsa chapansipansi.

"Chisomo, ukuyesa jeketelo ndinalisokera magalimoto? Magalimoto ali ndi nyale zawo. Ine m'maso muno muli ng'ala. Pageti paja nonse mumangokhala mdima woyenda."

"Nanga mumasoka bwanji, agogo?"

"Ndi zala, mwana iwe. Koma mdzukulu sungamufufuze ndi zala, azungu angandimange."

Ndinaseka. Pomwepo ndinavula jekete lija n'kulitembenuzanso, ndipo ndinalivala mpaka manja ake atayamba kulekeza m'zigongono.

Agogo anatisiya kalekale, koma mpaka lero sindigula jekete lakuda. Anzanga kuntchito amandinena kuti ndimaonekera kutsidya kwa mtsinje. Ndimangowasiya. Sadziwa kuti alipo amene ndimafuna asandidutse.