Mbewa Zoyera ndi Chisanu cha mu Juni

Ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha ku Kasina. Zilembo zimenezo zinandipezera ntchito mu mzinda, yosamalira mbewa zoyera m'nyumba yofufuzira mankhwala. Anzanga kumudzi ankaseka: "Achimwene, ndiwo zonsezo mukungozidyetsa, osawotchako ngakhale imodzi?"

Amayi amene ankatsogolera kafukufukuyo anandiphunzitsa kuyeza kutentha kwa thupi la mbewa. Tikaibaya mankhwala ogonetsa inkayamba kuzizira, manambala n'kumatsika. Ntchito yanga inali kuigoneka pakansalu, pambali pa botolo la madzi ofunda, mpaka idzuke.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake.

"Bambo, ubongo ndi umene umasonkhezera moto m'thupi," anatero. "Mankhwala akaugonetsa, motowo umazirala. Mowanso umatero."

"Mowa? Si umatenthetsa?"

"Umangonamiza khungu. M'kati munthu amakhala akuzizira."

Ndinakhala pansi, mbewa ili m'manja, n'kuwauza za mng'ono wanga. Tinkachokera ku ukwati mu Juni, iye atakhuta kachasu, ndipo anagwa m'njira ya m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Ndinachita zimene tonse tinkachita: ndinamuthira madzi kumutu, n'kumusiya kuti mphepo imuchotse mowa. M'mawa tinamupeza atauma. Anthu anati ndi ufiti. Ine ndinakhala chete zaka zonsezo, mtima ukundiloza.

Amayiwo sananene kuti ndilibe mlandu. Anangoti, "Simunkadziwa. Pano mwadziwa. Ifunditseni mbewayo."

Nditapuma ntchito ndinabwerera kumudzi. Chaka chatha, nthawi yachisanu, dzuwa likulowa, ndinapeza mkamwini wa mchemwali wanga ali thapsa pafupi ndi dimba la kabichi, azimayi atabwera kale ndi ndowa.

"Musamuthire!" ndinakuwa.

"Amalume, chidakwa mukuchinyengerera ngati khanda?" anatero mkazi wake.

"Tagwirani miyendoyo, tiyankhulana m'nyumba."

Tinamugoneka chammbali n'kumufunditsa mabulangete awiri. Ndinathira madzi ofunda m'mabotolo, n'kuwakulunga m'chitenje, n'kuwaika pambali pake monga ndinkachitira ndi mbewa zija. Sindinasiye dzanja lake mpaka linafunda.

Anadzuka akukalipa, kufunsa amene wamubera nsapato. Ndinaseka mpaka misozi.

Mu Novembala, akhristu popita kukalambula kumanda, ndinanyamula khasu n'kupita nawo, koyamba chimuikireni mng'ono wanga. Nditazula udzu pamtumbira pake ndinagwada. M'pempherolo ndinathokoza amayi aja, ndi mbewa zomwe.