Tsiku Limene Denis Anadzaza Foni

Mai Kristina anayamba kuwaona a Francisko tsiku limene anawapeza atavula chipewa, akulankhula ndi foni. Anali pansi pa mtengo wa mango pa Namitambo, pamene ankasokerapo nsapato, foniyo ataigwira ndi manja awiri ngati akulandira mphatso kwa apongozi.

"Denis, wadzuka bwanji kumeneko?" Anadikira pang'ono ngati wina ayankha. "Ife tadzuka. Mvula yagwa, koma yongonyenga fumbi."

Benchi la tomato la mai Kristina linali pafupi pomwepo. Chimwalirireni amuna awo sankakonda zolankhulalankhula, koma zochitika pamsika sizinkawadutsa.

A Francisko kwawo kunali ku Mikolongwe. Anakakwatira ku Nchema, n'kukalambira pachikamwini akulima munda wa akazi awo. Akaziwo atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu, ndipo nyumba imene njerwa zake anaumba okha inatsala ya ana. Kwawo anakapeza minda itagawidwa kalekale. Ndiye anabwera pa Namitambo ndi singano ndi ulusi, n'kupeza kachipinda kuseri kwa chigayo.

Foni anawatumizira ndi mwana wawo Denis, amene ankagwira ntchito ku Joni. Kuwerenga sankadziwa, koma pa watsapu anagwira zinthu ziwiri: kudina pojambulira mawu, ndi kuona zithunzi zimene anthu amaika pa sitetasi. Zolembedwa ankapita nazo kwa mai Kristina, amene sukulu analekezera Fomu 2.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani apa. Akundinena kapena akundiyamika?"

"Akuti kwaya Loweruka."

"Ndi mawu onsewa? Akufuna anthu athawe m'tchalitchi amenewa."

M'mawa wina anafika pabenchipo akuyenda ngati mnyamata, nkhope ikuwala.

"Taonani mwana wanu! Lero aliyense waika Denis. Msuweni wake, anzake a ku Joni, ngakhale akatekisiti. Kapena wapeza mbeta? Suti imeneyi ine sanandionetsepo."

Mai Kristina analandira foni. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti mzimu wake uuse mumtendere. Anaona chotsatira, mawu ake omwewo. Wina anali atalemba za ngozi ya galimoto.

Anadziwa mmene zayendera. Uthenga wa maliro umafikira kwa malume a mwana, eni mbumba, ndipo iwowo ndiwo amanyamuka kukakhazika bambo pansi n'kuwauza. Wapadera sauza, makamaka pamsika, makamaka mzimayi amene si mbale. Akuluakulu a ku Nchema ayenera kuti anali m'njira. Kungoti achinyamata anali atawapitirira kale ndi mafoni awo.

"Alemba kuti chiyani?" anafunsa a Francisko.

"Tizilembo tachepa, bambo. Maso anga lero..." Anawabwezera foniyo. "Khalani kaye pompano. Musapite kutali."

"Ndikhale? Mwana wanga wadzaza foni yonse, inu mukuti ndikhale?"

Anazungulira nayo msika wonse. Anaonetsa ogulitsa nyama, anaonetsa akabaza, analowa nayo mpaka m'sitolo. Odziwa kuwerenga ankangoyang'ana pansi n'kuti, "Eya, watchena." Panalibe wofuna kuyamba kuwauza. Mai Kristina ankamva kuseka kwa mkuluyo kukuchokera uku, kenako uko, iwo tomato ali m'manja osadziwa mulu womuikapo. Ankati akaimirira kuti akawagwire dzanja, n'kubwereranso pabenchi.

A Francisko atabwerera pansi pa mango paja anadina foni.

"Iwe Denis, zabwino umabisira bambo ako? Tatiuza, ndi wakuti mtsikanayo?"

Dzuwa litafika pamutu panatulukira amuna awiri, alamu awo a ku Nchema ndi mkulu wina, njinga akukankha m'malo mokwera. A Francisko anawayang'ana, n'kuyang'ananso foni. Nsapato imene ankasoka inagwa pansi.

Thupi linachedwa kubwera. Denis anaikidwa ku Nchema, pafupi ndi amayi ake. Mai Kristina anapita kumaliroko, n'kukhala kumbuyo kwa azimayi a kwaya, ndipo bambo wofedwayo anangowaonera patali.

Pansi pa mango panakhala popanda munthu mpaka chimanga chinacha. Kenako tsiku lina a Francisko anabwera kudzatsanzika. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Mchemwali wawo anali atawapatsa kanyumba ku Mikolongwe. Mai Kristina anawasendezera mpando, koma anakana.

"Bambo, tsiku lija ine..."

"Ayi mai, mwambo munautsata. Sindikukudandaulani." Anatembenuka n'kuyang'ana msika kwa kanthawi. "Kungoti pano sindingakhalenso. Mwana wanga ali m'mochale, msika wonse ukudziwa, woseka ndinali ine bambo wake."