Galimoto Yomata ndi Ulimbo

Dzulo mdzukulu wanga anatsegula chitini cha penti, ndipo fungo lake linandibwezera ku Balaka nthawi ya Chitaganya, ndili mwana. Ana a lero amawagulira zidole zomanga kale, mawa lake n'kuziphwanya. Zimandinyansa.

Amalume anatsika sitima kuchokera ku Halale atandigulira kabokosi kojambulidwa galimoto ya mpikisano, yofiira, yopanda denga. Titatsegula tinapeza tizidutswa ta pulasitiki totuwa, guluu wouma gwa, kabotolo ka penti ndi pepala la zithunzi limene ndikusungabe mpaka lero.

“Achimwene, akugulitsani zophwanyika,” anatero amayi akuseka.

Mwamanyazi, amalume anati akazitaya kudzala.

“Iyayi amalume, ndisiyireni mpaka mawa,” ndinawachonderera.

Ndinathamangira ulimbo wanga wokolera mbalame. Ndinamata kachidutswa ndi kachidutswa motsata zithunzi, zala zikukakamirana. Penti ndinapaka ndi nthenga ya nkhuku, mphuno ikuyabwa.

M'mawa galimotoyo ndinayiika pakhonde, yofiira psuu. Amalume anagwada n'kuikankha ndi chala chimodzi. Mateyala onse anazungulira, galimoto inakaima paphazi la amayi.

“Achemwali, patukani,” anatero amalume. “Mugundidwa.”