Kope la Zilango la a Wilson

A Wilson, telala wa pakhonde la sitolo ina pa Namitete, anali ndi nthenda imodzi: masewera a nthano oponya dayisi. Anawaphunzira kwa mlendo wina amene anadzagwira ntchito kuchipatala. Lamulungu lililonse masana ankachotsa mashini patebulo n'kuyalapo katoni yojambulidwa mapiri ndi mitsinje. Zitsekerero za mabotolo ndiye zinali asilikali. Anzawo ankasewera, iwo n'kumasimba nkhani ndi kugamula.

Luso lawo lenileni linali kulanga. M'masewerawo munali msilikali wopatulika, wolumbira kuti sadzathawa kusiya ofooka pamavuto. Akaswa lumbirolo, a Wilson ankamuphikira chilango sabata yathunthu, n'kuchilemba m'kope mosamala kuposa miyezo ya makasitomala.

Tsiku lina mlamu wawo, a Jonasi, amene ankayendetsa msilikaliyo, anaona chinjoka n'kuliyatsa liwiro, mudzi ukupsa kumbuyo. A Wilson anachita kunyambita milomo. Sabata yotsatira anawerenga chigamulo: msilikali alandidwe lupanga, hatchi imukane, ndipo akatumikire amene anawalakwira dzinja lonse.

"Alamu, sizingachepeko?" anatero a Jonasi.

"Lumbiro ndi lumbiro, alamu. Kukhululuka msanga kumaononga munthu."

Komatu a Wilson nawonso anali ndi lumbiro lawo. Pa Khirisimasi anagwira Baibulo pamaso pa akazi awo, a Olive, kuti sakhudzanso dayisi mpaka fodya atachoka m'munda. Anapirira masabata awiri okha. A Olive anangomanga katundu kupita kwawo ku Nsaru. Pagulu a Wilson ankaseka, koma anaonda mpaka thalauza anachita kulibweza m'chiuno. A Wilson ankamukonda mkaziyo, ndipo ankaopa kuti sabweranso.

Nkhani inafika kwa ankhoswe, ndipo nkhoswe ya kuchikazi anali a Jonasi omwewo. Anthu atakhala pansi, a Jonasi anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa kope lija la a Wilson.

"Ine sindiweruza," anatero mofatsa. "Alamu anga anaweruza kale, ndi dzanja lawo lomwe."

Anawerenga mosathamanga, akumasulira. Lupanga ndi dayisi wa a Wilson. Hatchi ndi njinga yawo. Wolakwiridwa ndi uyu wakhala pamphasayu, ndipo m'chigafa cha makolo ake muli fodya wodikira womusoka.

"Alamu, sizingachepeko?" ananong'ona a Wilson.

A Jonasi anangowalozera mawu awo aja, omwe a Wilson anali atawalembanso m'munsi mwa tsamba. Apo ndi pomwe a Olive anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Dayisi atalandidwa, a Olive anamumanga pansonga ya chitenjecho.

A Wilson anasoka fodya ku Nsaru mpaka mvula itatha, zala zili bii ndi utomoni, ndipo apongozi anavomereza kuti pa kusoka, telala ndi telala ndithu. A Olive anabwerera ku Namitete atakwera pakaliyala ya njinga ija.

Atafika, a Wilson sanafunse za dayisi. Anatsegula kope, ndipo pansi pa chilango cha msilikali wa a Jonasi anaonjezera mzere umodzi: akalapa, aloledwe kubwerera kwawo.