Mawu a Mwana Wanga Anabwerera Kumudzi

Nyumba yathu ya ku Tipton, kuno kutsidya kwa nyanja, inayang'anizana ndi ngalande ya madzi. Ndikaweruka kuchipatala ndinkakonda kuima pawindo la chipinda cham'mwamba, yunifolomu ili m'thupi, n'kumaonerera abakha akuyandama opanda kopita. M'chipinda momwemo munkakhala kompyuta ya amuna anga, yobiriwira, yotukuka kumbuyo ngati dzungu. Anaigula kwa munthu amene anali atatopa nayo, koma ndikaitchula kuti ya pa kaunjika ankakwiya tsiku lonse.

"Mayi, iyi si kompyuta wamba," ankatero. "Ma computer ena onse ali ndi processor ya mtundu umodzi. Iyi ili ndi ubongo wakewake, siyendera gulu."

Ine za ubongowo sindinkazilabadira. Changa chinali chimodzi. Mwana wathu wamkazi tinamusiya kwa mchemwali wanga pobwera kuno, ndipo anatitsatira ali ndi zaka zinayi. Anafika ndi Chichewa chodzaza m'kamwa, cholongolola kuyambira m'mawa. Loweruka lina bambo ake anamukhazika patsogolo pa kompyutayo n'kumujambula mawu akufotokoza za ulendo wake wa pandege. Kenako anayamba sukulu. Chichewa chija chinayamba kuchepa pang'onopang'ono, osadziwa ndi tsiku lomwe chinathera. Pofika zaka zisanu ndi zinayi ndinkamufunsa m'Chichewa iye n'kumayankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu. Zinkandiwawa, koma ndinkadzitonthoza kuti mawu aja alipo m'chipinda cham'mwamba. Sindinkawamvetsera n'komwe. Kudziwa kokha kuti alipo kunkandikwanira.

Ndiye kunamveka kuti kampani yopanga makompyuta aja yasiya ubongo wake uja, yatenga womwe opikisana nayo ankagwiritsa ntchito. Amuna anga anakhala ndwii sabata yathunthu. Ine ndinawaseka mpaka misozi. Koma kunyanyalako sikunakhalitse, chifukwa patapita miyezi anabwera ndi bokosi, m'kati muli yatsopano, yoyera mbuu, yopyapyala. Ndinangoti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndikungocheza, osadziwa kuti ndikulosera.

Ife kuno sititaya chinthu. Chikakalamba chimapita kumudzi. Anthu a kumpingo ankapangana kontena imodzi yotumizira katundu pasitima, ndipo tsiku lopakira tinkakumana pabwalo lina ku Oldbury, aliyense ndi njinga, matiresi, makina osokera. Kompyuta yakaleyo tinaikulunga m'mabulangete, tinalemba kuti ipite kwa achimwene anga, aphunzitsi a ku Dedza, ithandize pasukulu. Ndinafunsa kamodzi kokha za mawu a mwana.

"Ndakopa zonse pa CD," anatero amuna anga. "Don't worry."

Palibe anaganiza zoyesa chimbalecho kontena isananyamuke. Tinatanganidwa ndi kulemba mayina pa katundu ndi kupatsana moni.

Patapita milungu itatu, mvula ikuwaza masana, ndinangolakalaka kumva mwana wanga. Amuna anga analowetsa chimbale. Anadina, kompyuta inakana. Anadinanso, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira.

Mawa lake ndinakwera basi ndekha kupita ku Sparkhill, kwa bambo wina wokonza makompyuta mu Stratford Road, pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya ndiwo zamasamba. Anandifotokozera modekha. Ubongo watsopano, anati, sumva chinenero cha mapulogalamu akale. Mapulogalamu ena akampani anawaikira womasulira m'kati, koma akale kwambiri, monga imene tinajambulira mwana, anangowasiya. Ndinafunsa chifukwa chake. Anakweza mapewa n'kunena kuti makampaniwa amasuzumirana, wina akaona kuti mnzake akuthamanga amasiya njira yake n'kulowa ya mnzakeyo, ndipo zotsalira m'mbuyo sazicheukira. Anayesa chimbale changa pa kompyuta yakale ya m'sitolomo. Panali dzina lokha la mawuwo. Mawu enieniwo pulogalamu ija inkawasunga pena, m'mimba mwa kompyuta yomwe tinatumiza.

Amuna anga sindinawayankhule masiku awiri. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi kampani yosadziwa n'komwe kuti ndilipo, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha.

Miyezi yotsatirayo ndinkakhala ngati ndili kutulo. Ndikusintha mabandeji a odwala, maganizo ankapita kunyanja yaikulu. Ndinkaona sitima ikuyenda pang'onopang'ono pansi pa dzuwa, m'kati mwa kontena muli mdima, ndipo m'mabulangete muja kamwana ka zaka zinayi kakulongolola kokha, kakubwerera kwawo popanda ife. Nthawi zina ndinkaona ngati n'koyenera. Nthawi zina ndinkachita mantha kuti madzi alowa, kapena achimwene afufuta zonse kuti ana a sukulu apeze malo. Ndinawaimbira kangapo konse.

"Achimwene, ikafika musaigwire chilichonse. Musa-delete kanthu, chonde."

"Mlongo, ndamva," ankayankha. "Kodi muli golide m'menemo?"

Kompyuta ija inafika ku Dedza m'nyengo yokolola. Kenako tinadikira magetsi masiku ena anayi. Lamlungu masana, titangochokera kutchalitchi, foni inalira, anali achimwene. Amuna anga anawalangiza achimwene podina, uku akuyendayenda m'khitchini. Ndinaitana mwana, anatsika buku lili m'manja, tinaika foni pakati pa tebulo. Kunamveka phokoso, tambala wa ku Dedza analira chapatali, kenako kamawu kakang'ono, kothamanga.

Kankanena kuti ndege inakwera mpaka pamwamba pa munda wa thonje, thonje lambirimbiri loti mbee, ndipo kanafunsa mayi wopereka chakudya kuti lonselo adzakolola ndani, koma mayiyo sanamve. Kanaseka. Kanati kanasungira amayi bisiketi koma kanadya pang'ono, pang'ono pokha. Ine misozi inangoti mbwembwembwe.

Mwana wanga anamvetsera mutu atapendeketsa, akumwetulira monga timachitira ndi ana a eni. Kenako anandigwira dzanja.

"Mum, she's so cute. What's she saying?"

Ankafunsa kuti kamwanako kakuti chiyani. Bambo ake anatembenukira kuwindo. Pafoni achimwene ankafunsa ngati tamva bwino, kapena abwereze. Ndinati bwerezani, achimwene, koma muziimitsa pang'onopang'ono. Ndinapukuta m'maso, ndinasendeza mpando pafupi naye, ndipo ndinayamba kumumasulira mwana wanga zimene iye mwini ananena.