Makompyuta Opanda Disiki ndi Mayi wa Mopu

Sikisi koloko m'mawa inawapeza Mayi a Makiyi atakolopa kale theka la chipinda cha makompyuta, manja ali pa mopu koma khutu lili kukachipinda kosungiramo matsache. M'menemo, pakati pa mabotolo a sopo ndi mipando yothyoka, ndimo mumakhala seva, kompyuta yaikulu imene imadyetsa zinzake makumi awiri ndi zinayi pasukulu yophunzitsa makompyutayi. Ikamadzuka imalira ngati chigayo, kenako imatsitsa mawu. Ikatsitsa mawu ndiye kuti yakonzeka. Zimenezi sizinalembedwe paliponse.

Pakalata yawo ya ntchito panalembedwa kuti wokolopa, ndipo amakolopadi, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Zinazi zinangobwera chifukwa cha uchitsiru wawo.

Mwezi woyamba, pofuna kuoneka akhama, anamasula kompyuta imodzi kuti apukute fumbi la mkati. Mlamu wawo wokonza mawailesi anali atawauzapo kuti kompyuta iliyonse imakhala ndi disiki, kabokosi kosunga zonse, ndipo ndi kamene akuba amathamangira. Pamalo pa kabokosiko anapezapo mphako. Anamasula yachiwiri, mphako. Anamasula zonse, thukuta lili kamukamu, ndipo makiyi a chipindacho anali ndi iwo okha. Analira kaye mokwanira, kenako anakadzipereka kwa mkulu wa sukulu.

"Bwana, sindinabe ine, koma itanani apolisi basi."

M'malo mwa apolisi kunabwera mmisiri wa makompyuta, amene aliyense amamutchula a Zimitsani chifukwa ukamuimbira foni yankho lake ndi limodzi: zimitsani, muyatsenso. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mayi, izitu zinabadwa choncho! Zikayaka zimapempha chilichonse kwa seva kudzera pa waya wabuluuwo. Seva ikagona, zonsezi ndi mabokosi chabe."

Manyazi ndi mphunzitsi wankhanza. Kuyambira tsikulo anayamba kukolopa pang'onopang'ono pafupi ndi a Zimitsani, maso ali pa zala zawo. Anaphunzira kuti choyamba kuyatsa ndi kabokosi kolumikiza mawaya, kenako seva. Anaphunzira okha, atalephera kangapo, kuti ukayatsa makompyuta onse nthawi imodzi seva imatsamwa ngati mayi amene ana onse amulirira pamodzi. Uyenera kuyatsa asanu ndi imodzi, kudikira, n'kupita mzere wina.

Ndiye panabwera makompyuta anayi atsopano, amene anawaika pawindo kuti odutsa aziona. Okongola, koma ankaima panjira, sikirini ili bii. A Zimitsani anati pulogalamu ya m'seva siikuzindikira polowera waya pa makompyuta atsopanowo, pakusowa kapulogalamu kowadziwitsana, ndipo adzakaika Lachisanu. Lachisanu limenelo lakwanitsa zaka ziwiri. Mayi a Makiyi anazula timakhadi ta netiweki, tolowetsapo waya uja, m'makompyuta akale ofera m'kachipinda muja, n'kuzika m'atsopanowo, ndipo anayaka. Chatsala n'chakuti ophunzira amakonda kubwezera waya pabowo lapamwamba, losazindikirika lija, ndiye m'mawa uliwonse munthu ayenera kugwada n'kuutsitsira pabowo lapansi, la kakhadi kakale.

Tsiku lina anayesa kufotokozera mkulu wa sukulu. Iye anawadula mwaulemu.

"Mayi, zamakompyuta tisiyire eni ake. Dongosolo lathuli limadziyendetsa lokha."

Dongosolo lodziyendetsa lokhalo linali ndi nyamakazi m'bondo, ndipo limakwera minibasi ya faifi koloko.

Tsopano mawa dongosololi likukachitidwa opaleshoni ya ng'ala m'diso lakumanzere, ndipo mawa lomwelo eyiti koloko ndi mayeso omaliza. Amene sadzalemba adzadikira chaka chamawa. Mkulu wa sukulu amafika kutatsala mphindi khumi, ndipo akapeza makompyuta osayaka amadina mabatani onse ngati akuimba limba.

Sabata yonse Mayi a Makiyi anakonza zongokhala chete. Ankadziona atagona pabedi la chipatala, diso litamatidwa, foni ikulira. Iwo n'kuisiya ilire katatu. Kenako n'kuyankha ndi mawu ofooka: "Pepani bwana, inetu ndine wokolopa." Anawayeserera mawuwa m'bafa mpaka mwana wawo wamkazi anagogoda kufunsa ngati ali bwino.

Seva inatsitsa mawu. Anayatsa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atagwada pa kompyuta yapawindo yakumapeto, pansi pa tebulo anapezapo kansapato ka mwana. Anakadziwa. Ndi ka mwana wa mayi uja wogulitsa masamba, amene amabwera atabereka, n'kumataipa ndi dzanja limodzi mwana akuyamwa. Miyezi isanu ndi umodzi wakhala akutseka benchi yake masana kuti aphunzire, ndipo mawa nayenso akulemba mayeso.

Anakhala chigwadire, kansapato kali m'manja.

"Iwe ndiwe wachabechabe," anadziuza. "Kuba unalephera, kunyanyala nakonso ukulephera."

Anasiya mopu m'ndowa n'kutuluka. Khomo loyandikana ndi sukuluyo ndi la telala, bambo wachikulire amene amatsegula m'mamawa ndipo amasunga kiyi wapadera wa geti. Anamupeza akulowetsa ulusi m'singano, magalasi ali pamphuno.

"Mwadzuka bwanji, atelala?"

"Ndadzuka, achemwali. Si mawa kodi akukakuchotsani diso?"

"Akukalitsuka, osati kulichotsa. Kuti ndidzaone bwino mmene munakhotetsera siketi yanga ija."

"Siketi inali yowongoka, wokhota ndi mwini wake."

"Chabwino. Imikani kaye makinawo, ndikufuna ndikuphunzitseni kudzutsa makompyuta."

Telalayo anavula magalasi. "Ine? Makina angatu ndimapalasa ndi phazi. Zanuzo ndikazigwira ziphulika."

"Ulusi ukalowa bowo lolakwika makina amasoka?"

"Sasoka."

"Basi, mwamaliza kale theka la maphunziro. Ine theka limenelo ndinalilirira misozi."

"Nanga mmisiri wanu uja?"

"Mukamuimbira adzakuuzani kuti muzimitse. Musazimitse."

Anatulutsa makiyi pachingwe cha m'khosi n'kuwaika pa nsalu imene telalayo ankadula. Khosi linapepuka modabwitsa, ndipo sanakondwere nako kupepukako.

"Tiyeni panopa muone ndi maso, ophunzira asanafike. Mawa mudzalowe sikisi koloko. Kabokosi ka mawaya kaye, kenako seva, ndipo mudzadikire mpaka itasiya kulira. Mzere umodziumodzi. Zinayi zapawindozo mudzagwade, waya pabowo lapansi. Kansapato aka mudzampatse mayi wobereka mwana. Kukolopa kokha musavutike, tsiku limodzi aone fumbi. Koma chonde, atelala, bwana akadzakufunsani kuti wakuphunzitsani ndani, musadzachite ulemu wanu uja. Mudzanene kuti ndi wa mopu."